Makutu Obwereka a NyaMsiska

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha waya wa sipika. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo ku Mzilawaingwe zaka ziwiri, ndikudikira malo kusukulu ya uphunzitsi amene sankabwera. Kutchalitchi kwathu mawu anga sanali a kwaya, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo kupatula ine. Pofuna kundichotsa pamzere mwaulemu, oyang'anira kwaya anandipatsa ntchito yokulunga mawaya ndi kulumikiza masipika. Tsiku lina kunabwera a Nyirenda, bambo amene anali ndi kasitudiyo m'tauni, kudzajambula nyimbo za kwaya yathu. Zipangizo zawo zinkalira kaphokoso ngati ka udzudzu, iwo n'kumapotokola mabatani osapeza pamene kakuchokera. Ine ndinangoloza waya wachitatu n'kunena kuti, "Ndi uyo, analumidwa ndi khoswe pafupi ndi pulagi." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndikawapeze Lolemba.

Ndinkaganiza kuti ndizikajambula makwaya. Ayi ndithu. A Nyirenda anali atayamba ntchito ina yachilendo, yojambula phokoso la mzinda wa Mzuzu monga momwe makutu a munthu amalimvera. Iwo ankaitchula kuti bainoro. Pali timaikolofoni tiwiri tating'ono ngati njere za mtedza. Kamodzi umakaika pakhomo pa khutu lamanzere, kena pa lamanja, tiwaya take n'kudutsa kuseri kwa khosi, kulowa m'malaya mpaka pa rekoda imene ili m'thumba. Mawu akamabwera amayamba agunda mutu wako, mapewa ako ndi mapindikidwe a khutu lako, ndipo timaikolofoni timawatola momwemo. Munthu akadzavala mahedifoni n'kutsinzina, samva ngati akumvera wailesi. Amamva njinga yamoto ikuchokera kumbuyo kwake mpaka amapendekeka kuti imudutse. Ogula ambiri anali anthu a kuno amene ali ku Joni ndi maiko ena, osowa kwawo.

Anandipatsa mwezi umodzi woyesedwa, ndipo mweziwo ndinauwonongadi. Ndisanayambe kuyenda ndinkayenera kutchula malo ndi nthawi, n'kuliza chala kamodzi kumanzere, kawiri kumanja, kuti pokonza pakompyuta tisasinthanitse makutu. Pa rekoda pali timizere tiwiri timene timadumpha mawu akamalowa. Tikakhala pobiriwira zili bwino, koma tikagunda pofiira ndiye kuti mawu aphwanyika, ndipo palibe kompyuta imene ingawakonze. Zimenezo ndinazigwira msanga. Chovuta chinali thupi langa lomwe. Ndolo ndinavula. Makiyi ndinkawakulunga m'kansalu. Mapatapata anandiletsa chifukwa amawomba chidendene, ndinagula nsapato za nsalu pakaunjika. Ndinaphunzira kudya ndisananyamuke, chifukwa tsiku lina m'mimba mwanga munalira pakati pa depoti, a Nyirenda n'kumandifunsa kuti kodi kudepoti kwayamba kufika ng'ombe.

"Mutu usatembenuke, Tiwonge," ankatero tsiku lililonse. "Ukatembenuka iwe, mzinda wonse ukuzungulira m'mutu mwa womvera, achita chizungulire. Malovu usameze. Ndipo pakamwa tseka. Iwe kulibe. Pali makutu basi."

Kutseka pakamwa ndiye kunandivuta kuposa zonse. Mawu ako omwe, ukawajambula ndi timaikolofoni ta m'makutu, samveka kumanzere kapena kumanja. Amagunda pakati pa mutu wa womvera ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Koma uku ndi ku Mzuzu. Sungayende kuchoka padepoti kufika mumsika osalonjeredwa, ndipo moni wa kuno si wa mawu amodzi. Ine ndinkangodutsa khosi lili gwa, maso kutsogolo, amayi aakulu akundipatsa moni. Pasanathe masabata awiri nkhani inawapeza mayi anga kuti mwana wawo wayamba kuyerekedwa chifukwa wapeza ntchito ya mawaya. Anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati ndinaleredwa kutchire. Ndinkachita manyazi kwambiri, koma a Nyirenda analibe nazo kanthu. Moni wosayankhidwayo ankangomudula pakompyuta, n'kulumikiza zotsalazo.

Kutatsala sabata imodzi kuti mwezi wangawo uthe, kusitudiyo kunabwera mayi wina mphunzitsi, dzina lake Lusungu. Sanali kufuna zotumiza kunja. Anati mayi ake, NyaMsiska, anagulitsa mpunga ndi nyemba mumsika waukulu zaka zoposa makumi awiri, koma matenda a shuga anawatseka maso. Chaka ndi theka chinali chitatha asanatuluke pageti pakhomo pawo ku Lupaso. Kutchalitchi anasiya. Anzawo a mumsika akabwera kudzawaona ankawabweza, chifukwa sankafuna kumva mawu akuti pepani. "Amangokhala pakona," anatero mayi Lusungu. "Ndikufuna amveko njira yawo ya kumsika, mwina mtima ungatsike. Koma ikhale yonse, kuchoka pageti mpaka pabenchi pawo, osadula."

Ndinaijambula Lolemba m'mawa, ndipo kunena zoona sindinajambulepo bwino chotero. Ndinatsika kamsewu kafumbi, chigayo chikulira kumanzere. Ndinakwera takisi yodzadza, ndinatsikira padepoti pakati pa oitanira mabasi a ku Rumphi ndi Nkhata Bay, n'kulowa mumsika osatembenuka, osameza, osatsokomola. A Nyirenda atamvera anagwedeza mutu n'kunena kuti mwina ndili ndi tsogolo.

Lachiwiri masana tinapita nayo ku Lupaso. NyaMsiska tinawapeza pampando pakona, atafulatira zenera, mayi wamfupi wonenepa, wa nkhope yosafuna zachibwana. Mwana wawo anawaveka mahedifoni iwo akung'ung'udza. Chigayo chitayamba kulira anasuntha mutu kuchifunafuna. M'takisi anamwetulira pang'ono. A Nyirenda ananditsinzinira diso. Kenako ulendo unafika pageti la msika, pamene mayi wogulitsa nthochi anandilonjera m'chinenero cha kuno kuti, "Monire, mwana wane, mwawuka uli?" Ndinaona milomo ya NyaMsiska ikutseguka kuti ayankhe, koma mapazi a m'makutu mwawo anali atapitirira kale. Wachiwiri analonjera, mapazi anapitirira. Wachitatu chimodzimodzi, ndipo kumbuyo kunamveka bwinobwino mayi wina akuti, "Mwana wa ndani ameneyu, wopanda mwambo?"

Anazula mahedifoniwo n'kuwaponya pamiyendo pa mwana wawo.

"Mwandilowetsa m'mutu mwa ndani?" anafunsa. "Ine zaka zonsezi sindinamudutsepo munthu osamuyankha. Lero mwandiyendetsa pakati pa anzanga ngati mbuzi. Maso anapita, tsopano mukufuna ndi ulemu womwe upite? Chotsani zinthu zanuzi."

Tinatuluka ngati anthu obwezedwa pamaliro. Panjira a Nyirenda sanandikalipire, koma zimene ananena zinali zoposa kukalipira. Anati kasitomala wa m'tauni momuno akadandaula, mbiri yake imafika paliponse tsiku lomwelo. Anati mwezi wanga ukutha Lachisanu, ndipo ngati mayi aja sadzalandira chojambulacho pofika Lachisanu masana, adzafuna munthu wina. Ndinapsa mtima, chifukwa malamulo amene anawakwiyitsa mayiwo anali a iwo omwe, osati anga. Iwo ankaganiza zoti ndikajambulenso mbandakucha, mumsika musanafike anthu olonjera. Ndinawayankha kuti msika wopanda anthu si umene mayi aja akuusowa. "Ndiye chita zimene ukudziwa," anatero. "Ntchito ndi yako, uitaya wekha."

Kuyankha moni ndi mawu anga sikukanathandiza. NyaMsiska akanamva kamtsikana kakulankhula m'chigaza mwawo, n'kuzulanso mahedifoni. Chimene chinkandibwerera m'maganizo ndi milomo yawo ija ikutseguka. Mayi aja sankafuna kuti wina awayankhire. Ankafuna kuyankha okha, ine ndiye sindinawapatse mpata. Ndinaganiza kuti ndikaima pamaso pa wolonjera aliyense, n'kukhala chete nthawi yokwanira, mpata umenewo adzaudzaza eni ake. Vuto linali kudziwa kutalika kwa mpatawo.

Lachitatu ndinapita ku Lupaso ndekha, wopanda chipangizo chilichonse. Nditaodira, anazindikira mawu anga nthawi yomweyo. "Wabweranso, wamwano uja?" Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kuwalonjera monga momwe mayi anga anandiphunzitsira. Ngakhale anali okwiya, moni sakanaukana. Pamene ankayankha, ine ndinkawerenga ndi zala pabondo. Yankho la mmene adzukira linkafika zala zisanu. Ndikafunsa za ana, zisanu ndi zitatu, chifukwa ankawatchula mmodzimmodzi. Ndinawafunsa kuti akalowa mumsika ankayamba kulonjera ndani. Anati sizikundikhudza, kenako anawatchula onse mwadongosolo, kuyambira wa nthochi pageti, wa tomato, bambo wosoka nsapato, mpaka pamzere wa mpunga.

"Koma wa benchi la kumanja kwanga, NyaKaunda, usataye naye nthawi," anamaliza motero. "Ameneyo si munthu."

Pondiperekeza, mayi Lusungu anandiuza akuseka kuti awiriwo anayandikana mabenchi zaka zonsezo, ndipo sipanadutse tsiku osakangana. Nkhani yake inali ya lata limodzi la padenga, limene limadonthezera madzi pakati pa mabenchi awo. Mwa anzawo onse a mumsika, NyaKaunda yekha ndiye anali asanabwereko kudzawazonda.

Lachinayi ndinalowa mumsika makutu ali pululu, ndikuyamba ndi kupepesa. Ndinapita benchi ndi benchi kupereka moni wa mwezi wathunthu umene ndinawamana. Ena anandisambwadza kaye, ndipo ndinangovomera. Kenako ndinawaveka mahedifoni mmodzimmodzi. Mayi wa tomato atamva wilibala ikubwera kumbuyo kwake anadumpha n'kugwetsa mulu wake womwe, msika wonse n'kufa nazo kuseka. Apa m'pamene mitima inafewa. Ndinapempha chilolezo kwa wapampando wa mzere wa mpunga, n'kuwafotokozera pempho langa. Mawa ndikadzaima pamaso panu, musadzaone Tiwonge. Mudzalonjere NyaMsiska. Mukafunsa funso mudzadikire, muziyang'ana dzanja langa pachiuno. Chala chikatsika, mupitirize.

Onse anavomera kupatula mmodzi. NyaKaunda, mayi wamtali woonda wovala juzi ya abambo, sanasiye n'komwe kupeta nyemba zake. "Ine sindichita sewero," anatero. "Wofuna moni wanga abwere ndi miyendo yake."

Lachisanu kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza ka mwezi wa Juni, kozizira mpaka m'mafupa. Ambulera sindikanatenga, chifukwa madontho ake amamveka ngati ng'oma pamwamba pa mutu. Ndinaveka timaikolofoni tiubweya totchinga mphepo, ndinamanga duku pamwamba pa makutu kuti nsalu isakhudze, ndinaika mabatire atsopano, n'kutsimikiza kuti memori khadi ili ndi malo. Pageti la ku Lupaso ndinanong'oneza malo ndi nthawi, ndinaliza zala, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu wamkulu amene sakuthamangira aliyense. Mpaka padepoti zonse zinayenda bwino. Pamenepo ndinaimitsa rekoda pamene basi ina inkaliza hutala, kuti ndikalakwitsa mumsika ndizibwerera pomwepo, osati ku Lupaso.

Ulendo woyamba unathera pageti la msika. Mayi wa nthochi anati, "Monire aNyaMsiska," anandiyang'ana ndili duu ngati chipilala, n'kuphulika kuseka. Ndinabwerera kudepoti. Ulendo wachiwiri palibe anaseka, koma unali woipa kuposa woyamba. Aliyense anatsitsa mawu ngati ali pachipatala. "Phepani chomene, amama, Chiuta wamuwoneni." Wa tomato mpaka analira. Ndinazimitsa rekoda mwaukali. Ndinawauza mosabisa kuti mawu amenewo ndi amene anawatsekera mayi aja m'nyumba. "Alonjereni ngati munasiyana nawo dzulo madzulo," ndinatero. "Ngati ankakukwiyitsani, zimveke."

Nthawi inali pafupi kutha. Ikakwana teni koloko ogulitsa mafoni kunja kwa mpanda amayatsa masipika awo, ndipo ukatero mumsika simujambulikanso kanthu. Ndinali ndi ulendo umodzi wokha.

Ndinanyamukanso padepoti, madzi akutsika m'khosi. Pageti ndinaima n'kutembenuka thupi lonse pang'onopang'ono, mapewa ndi mutu pamodzi, kuti wolonjerayo akhale kutsogolo kwenikweni. "Monire aNyaMsiska, mwawuka uli?" Ndinapinda maondo pang'ono, ndinagunditsa manja mofewa monga timachitira polonjerana, n'kuwerenga zala zisanu. Chala chinatsika. "Yewo, nase tawuka makora. Nanga ana?" Zisanu ndi zitatu. Wa tomato anawauza kuti tomato wavuta chaka chino. Wosoka nsapato anawaseka kuti lero achedwa, makasitomala atenga ena. Aliyense ankadikira chala changa, ndipo ine mtima unkagunda mwakuti ndinkaopa kuti timaikolofoni tiutola.

Ndinafika pabenchi lawo, limene tsopano ankagulitsapo mdzukulu wa mchemwali wawo. Monga tinapanganira, mtsikanayo anandisiyira kampando, ndinakhala pansi, iye n'kuyamba kuthira mpunga m'mbale kuti mayi aja amve kaphokoso kake. Apa ndiye panali pothera. Ndinkawerenga masekondi makumi awiri omaliza kuti ndizimitse.

"Iwe!"

Mawuwo anaphulika kukhutu langa lamanja, pafupi kwambiri. Anali NyaKaunda. Ndinadziwa kuti timizere tagunda pofiira, koma kuyang'ana pansi sindikanatha, chifukwa msika wonse ukanapendekeka. Ndinalowetsa dzanja m'thumba pang'onopang'ono, ndinafufuza kagudumu kotsitsira mawu ka m'mbali mwa rekoda, n'kukabweza ndi chala chachikulu kawiri, mongoyerekeza.

"Wabwera kudzatani, mkwatibwi wa m'nyumba? Lata lako lija likudonthabe. Nyemba zanga zamera mizu chifukwa cha iwe."

Anakhala chete. Sanayang'ane dzanja langa, sanayang'ane ngakhale nkhope yanga. Ankapeta nyemba zake, khutu atatchera kumbali yanga. Kenako anadumpha ngati walumidwa.

"Bodza! Ndani anakhoma msomali? Ndani? Usanditchulire malemu amuna anga pa nkhani ya lata!"

Anakhalanso chete, nthawi ino motalikirapo, n'kuseka kamodzi monyoza. Apo ndinazindikira chimene chikuchitika. Mayiyu sankalankhula yekha. Ankamva mayankho a mnzake m'mutu mwake, n'kumawadikira kuti athe. Zimene ine ndinavutika kuwerenga ndi zala, iye anali nazo m'magazi.

"Akuti maso. Maso a chiyani? Unkayang'ana mbale liti iwe? Si unkayeza mpunga maso ali kumsewu, pakamwa pakudya anthu miseche? Kamtsikana wakaika apaka kakuyeza ngati kakuthira mchere m'ndiwo. Makasitomala ako akubwera kwa ine, ndipo ine sindikuwafuna, ngamwano ngati mwini wawo."

Utsi wa chiwaya cha tchipisi unkabwera molunjika kummero kwanga. Chifuwa chinandigwira, malovu anadzadza m'kamwa, kuseka kunkandikankha kuchokera m'mimba, misozi ikutsika yokha. Ndinaluma lilime n'kuyang'ana msomali wina pamtengo wa kutsogolo kwanga. Analalata mphindi zisanu ndi zinayi. Pomaliza anatsitsa mawu, n'kunena ngati akulankhula ndi nyemba zake, "Munthu n'kukangana ndi ndani tsopano muno? Onse ndi a yewo, yewo." Nthawi yomweyo sipika yoyamba ya ogulitsa mafoni inayamba kulira kunja, ndipo ine ndinazimitsa rekoda n'kutsokomola mpaka kugwada.

Kusitudiyo a Nyirenda anamvera zonse, nkhope ikusintha. Za moni anazikonda, ngakhale anati mipata yopanda mawuyo ikuwachititsa mantha. Atafika pa NyaKaunda anaimitsa n'kuika kamuvi ka kompyuta poyambira mawu ake. "Apa tidula. Munthu wodwala tikamupatse zolalata? Akatithamangitsa ndi agalu."

"Musadule, abwana."

"Tiwonge, ukudziwa kuti lero ndi Lachisanu?"

"Ndikudziwa. Mukadula pamenepo, mundichotseretu panopa, ku Lupaso mupite nokha."

Sindikudziwa kumene ndinatenga kulimba mtima kumeneko. Anandiyang'ana, anayang'ana kompyuta, n'kuchotsa dzanja. Tinangolumikiza ulendo wa ku Lupaso ndi wa mumsika pa hutala ya basi ija, tinakweza pang'ono pamene ndinatsitsa kwambiri, n'kunyamuka.

NyaMsiska anakana kaye kuvala mahedifoni. Mwana wawo anawanyengerera mpaka anavomera, koma manja anawasiya pamakutu, okonzeka kuzula. Chigayo chinadutsa, takisi inadutsa, depoti inadutsa. Ife sitinkamva kanthu, tinkangoyang'ana nkhope yawo ndi nthawi pa laputopu. Kenako inafika mphindi ya pageti la msika.

Anawongoka pampando. "Tawuka makora, kwali imwe?" anatero mokweza, monga amachitira munthu amene wavala mahedifoni. Anadikira. Anagwedeza mutu. "Ana ali bwino, Lusungu ali pompano, wa ku Lilongwe anaimba dzana." Anamaliza, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti mnzawoyo wapitiriza pa nthawi yake, osawadula, osawasiya akudikira. Manja anatsika pamakutu n'kugundana mofewa pamiyendo. Wa tomato anamuuza kuti asadandaule, tomato amavuta chaka chilichonse nyengo yozizira. Wosoka nsapato anamuyankha kuti achedwa chifukwa nsapato zimene anawasokera zikuwaluma. Mayi Lusungu anatseka pakamwa ndi chitenje, misozi ili mbwee.

Kenako mutu wawo unagwedezeka ngati wina wawamenya khofi kumanja. A Nyirenda anagwira chikwama chawo, kukonzekera kuthawa.

"Iwe ndiwe ndani kunditchula mkwatibwi?" anakuwa NyaMsiska, atatembenukira kukhoma la kumanja. "Lata limenelo anakhoma ndi amuna ako, ndi msomali wokhota ngati iwe wemwe!"

Ndinayang'ana nthawi pa laputopu. Pa sekondi yomweyo m'pamene NyaKaunda ankati, "Bodza! Ndani anakhoma msomali?" Zinalumikizana ngati chivundikiro ndi poto wake. Mphindi zisanu ndi zinayi zathunthu mayi aja anakangana ndi khoma, akuloza chala, akumenya pampando, nthawi zina onse awiri n'kulankhulira pamodzi monga amachitira anthu okangana enieni. Anthu oyandikana nawo nyumba anabwera pazenera kudzaona kuti kwagwanji. Pa nkhani ya maso ija NyaMsiska anatsegula pakamwa, koma sanayankhe. Dzanja lawo lamanja linkayenda pamiyendo ngati likusalaza mpunga pambale. Mawu omaliza a NyaKaunda atadutsa, anavula mahedifoni okha, pang'onopang'ono, n'kuwagwira m'manja.

Ine ndinkangoona ntchito yanga ikulendewera.

"Akuti kakuyeza bwanji kamtsikanako?" anafunsa.

"Ngati kakuthira mchere, amama," ndinayankha.

"Lusungu! Nsapato zanga zakuda zili kuti? Uzipukute. Mawa m'mawa undiperekeze. Mfiti imene ija ikuganiza kuti ndinafa." Kenako anatembenukira kumene kunali mawu anga. "Iwe wamwano, bwera kuno." Ndinagwada pafupi. Anandifufuza kumutu mpaka anapeza khutu langa, n'kulikoka pang'ono. "Makutu ako ndi abwino. Koma ndiwe wamtali chomene, anthu onse ndimawamvera pansi ngati ndakwera pampando. Yewo, mwana wane."

Tinatuluka ndi a Nyirenda mpaka pamsewu. Tikudikira takisi anati, "Lolemba ubwere ndi chithunzi chako, tikupangire chiphaso cha ntchito." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Ndikanadula, eti?" Ndinati eya, mukanadula. Anaseka mpaka woyendetsa njinga yamoto amene ankadutsa anatembenuka. Ine ndinkafuna kuvina pamsewu pomwepo, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanavina.

Loweruka m'mawa ndinapita kumsika wopanda rekoda. Ndisanalowe n'komwe pageti ndinawamva, mawu awiri akukwera pamwamba pa phokoso lonse la mzere wa mpunga. NyaMsiska anali pakampando kawo, mbale ili m'manja, akusalaza mpunga ndi chikhatho uku nkhope ili kumanja, akumuuza mnzawo za msomali. NyaKaunda ankayankha mokweza, koma ndinaona kuti thumba la mpunga walikankhira ndi phazi pafupi ndi dzanja la mnzakeyo, kuti asavutike kulifufuza.

Ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zingapo tsopano, ndipo ndaphunzitsako ena. Malamulo a a Nyirenda ndimawaphunzitsa onse, chifukwa ndi oona: mutu usagwedezeke, malovu usameze, timizere tisafike pofiira. Limodzi lokha ndinalisintha. Sindimuuza munthu kuti iwe kulibe. Ndimamuuza kuti pali wina amene adzalowe m'mutu mwakomo n'kuyenda ndi miyendo yako, ndipo chilichonse chimene uchite pamsewu adzakhala atachita ndi iyeyo. Usanakanikize batani, dziwa kuti ndi ndani. Wina akamulonjera, ima. Umusiyire mpata woti ayankhe.